Mabelo a apongozi anga ndinawaika pamwamba

Khalani pansi anyamata, amene alibe mpando akhale pa tayalapo. Abwana andipempha kuti ndikulankhuleni musanalandire makiyi, poti msika wa fodya ukutsegulidwa ndipo ena mwa inu mulowa mu Lilongwe koyamba muli ndi katundu kumbuyo. Ine ndine Mwale. Ndikudziwa kuti mumandinena kuti mdala uja amaitana anthu odutsa kuti amununkhizire lole asananyamuke. Sekani, palibe kanthu. Ndikufotokozerani kumene khalidwe limeneli linachokera.

Ndinayamba ngati inu nomwe, wothandizira dalaivala. Kumanga zingwe, kuika mwala kutayala pachitunda, kugona pansi pa lole. Laisensi nditaipeza ndinkaitulutsa ngakhale pogula mandasi. Abwana amene ndinkawagwirira nthawi imeneyo, osati anowa, anandipatsa lole yakale koma yamphamvu, n'kundiuza kuti ulendo wanga woyamba ndikanyamule chimanga ku Chisemphere. Koma ndinamva kuti pali fodya wa kalabu ina ya alimi a kwa Njombwa wopita ku okushoni ku Kanengo, poti ku okushoni ya kufupi ya ku Chinkhoma mzere sunkayenda chaka chimenecho. Kwa Njombwa ndi kumene ndinakwatira. Ndinali mkamwini pamudzipo, munthu wodziwika ndi khasu ndi njinga yobwereka. Ndinachonderera abwana mpaka anandisinthira katunduyo. Ndinalowa m'mudzi muja ndikuliza hutala ngati ndanyamula mkwatibwi.

Mu kalabumo munali apongozi anga, a Naphiri, mayi a mkazi wanga. Amuna awo anali atamwalira mvula itangoyamba, fodya ali pa nazale. Anthu ankati chaka chino angosiya, koma iwo anakana. Anawokera, anapalira, anathyola, anasoka, akuthandizana ndi mkazi wanga basi, ine ndili pamsewu. Fodya anatuluka wokongola, masamba aatali ofewa. Nyumba yawo inali yaudzu, yodontha pena paliponse, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti fodya ameneyu ndi wa malata.

Inu a m'tauni mwina simudziwa za kwathu. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso. Chikwatirire changa, ine ndi a Naphiri tinali tisanakhalepo pamphasa imodzi. Tikakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Mawu ankadzera kwa mkazi wanga, mayi a Tadala. Tsiku lopakira fodya, iwo anaima patali kuseri kwa chigafa n'kutuma mwana wawoyo. Mkazi wanga anabwera n'kundiuza kuti, "Amayi akuti fodyayu ndi nyumba yawo, muyende naye bwino."

Ndinayankha mokweza kuti nawonso amve. "Kawauzeni kuti agone tulo. Wanyamula ndi mwana wawo."

Ndiye ndinachita chinthu chimene ndinkachiyesa ulemu. Mabelo a anthu ena onse ndinawapakira pansi, a apongozi ndinawasiya omaliza, pamwamba penipeni, kuti asaphwanyike ndiponso atsike oyamba. Ndinafunditsa tenti, ndinakoka zingwe ndekha.

Abwana anali atandiuza momveka bwino. Ukafika Kanengo khota, kalowe pamzere. Matola ayi. M'tauni usalowe, sunafikepo poyendetsa m'menemo. Koma nthawi imeneyo dizilo ankasowa, ndipo ndisanatuluke m'mudzi anandiimitsa mwini chigayo wa pamsika wathu. Anali ndi zigubu zopanda kanthu. Anati, "Akamwini, ku Mchesi kuli anyamata ogulitsa dizilo kuseri. Mungodutsa pang'ono, mundidzazire, mudzabwere nazo pobwerera. Ya sopo ilipo." Chimene chinandikola si ya sopoyo ayi. Munthu uja anali asanandipatsepo moni chikhalire, lero akunditcha akamwini pamaso pa anthu.

Ndinafika Kanengo dzuwa likadali pamutu. Ndinaona mzere wa malole, ndinaupitirira. Ndinadziuza kuti tauni ndikuidziwa, si ndalowamo kambirimbiri? Koma kulowa uli wothandizira ndi kwina. Wothandizira amakhala akusinza kapena akuyang'ana atsikana pawindo. Misewu inali ikumangidwa, kumene ndinkadziwa kuti n'kolunjika kunali migolo ndi muvi woloza kwina. Pa raundabauti ina ndinazungulira mpaka wa minibasi anatulutsa mutu n'kundifunsa ngati ndikupera chimanga. Thukuta linali kamukamu.

Dizilo ndinamupeza. Zigubu zina zinalibe zotsekera, anyamata aja anangotseka ndi majumbo n'kumanga ndi mphira. Ndiye funso linali lakuti ndiziika pati. Kutsogolo apolisi aziona, alanda. Ndinakwera pamwamba, ndinamasula tenti, ndinaziimika pa mabelo, n'kufunditsanso. Mukudziwa kale kuti pamwambapo panali mabelo a yani.

Potuluka ndinafunsa njira yachidule kwa munthu woyenda pansi. Musadzayerekeze. Woyenda pansi amakulozera kumene iye amadutsa ndi miyendo yake. Ndinapezeka ndili m'kanjira kam'komboni, uku mipanda, uku mabenchi a tomato, mawaya amagetsi akukhula tenti. Kubwerera m'mbuyo kunali kosatheka. Pokhota kuti nditulukire mumsewu waukulu, njinga yamoto ya kabaza inangoti tulukiru pamphuno panga, itanyamula mayi ndi mwana. Ndinaponda buleki ndi mphamvu zonse, ndinakhotetsa, tayala lakumbuyo linagwera m'ngalande. Lole inapendekeka, inagwedera, koma siinagwe. Anthu anathamangira, anaponyamo miyala ndi zidutswa za njerwa, ndinaitulutsa. Palibe anavulala. Ndinathokoza Mulungu, ndinaimba ndi nyimbo yomwe mpaka ku Kanengo. Kukwera pamwamba kukaona katundu sikunandibwerere m'mutu.

Pamzere ndinakhalapo masiku ndithu, dzuwa likuphika tenti. Mufunsa kuti sindinamve fungo? Mphuno ya dalaivala siimva dizilo. Ali m'malaya mwathu, ali m'zikhadabo, ndi buledi yemwe timadya ndi manja a dizilo. Ndinkagona pansi pa lole yomweyo, ndinkasewera bawo ndi anzanga m'mthunzi mwake, osamva kanthu.

M'mawa wa tsiku limene ndinayandikira pageti ndinakwera kuti nditsitse zigubu ndikazisungitse kwa mayi wina wotiphikira. Nditatukula tenti ndinangoti kakasi. Zigubu zinali zitagona cham'mbali, mphira zitavuka. Ndinanyamula chimodzi, chinali chopepuka. Ziguduli za mabelo zinali zitada, zonyowa mpaka m'kati. Ndinayesa zopusa. Ndinathira dothi, ndinapukuta ndi malaya anga, ndinatembenuza mabelo kuti konyowako kuyang'ane pansi. Koma fodya amamwa fungo, ngakhale sopo weniweniyu sayandikizidwa kwa fodya. Wotsitsa katundu woyamba atangogwira belo anafunsa kuti, "Akulu, mwabweretsa fodya kapena jenereta?" Mabelo onse a apongozi anga anabwezedwa, pamodzi ndi ochepa a anthu ena, amene anali pansi pake. Anandiuza mosabisa kuti fodya wotere sagulika, kuno ngakhale kwina kulikonse.

Abwana anangondiuza pa foni kuti ndisagwirenso chiwongolero chawo. Anatumiza dalaivala wamkulu, a Zimba, kudzatenga lole ndi mabelo obwezedwawo. A Zimba sanandikalipire. Anangoti, "Kwera tizipita, ukawauze wekha eni ake." Ndinakwera. Pa Mponela ndinati ndikukataya madzi, sindinabwererenso. Mawa lake ndinakwera minibasi ya ku Kasungu. Podutsa pamphambano ya kwathu ndinawerama ngati ndikumanga nsapato.

Zotsatirazo sindichedwapo, n'zonyansa. Pa boma pano pa Kasungu ndinkatsuka malole ndi kunyamula matumba pa depoti. Ndinali munthu wosamwa, koma tulo sitinkabwera, ndipo wina anandiuza kuti kachasu amagonetsa. Ndinayamba ndi madzulo okha, kenako masana, kenako ndikangodzuka ndisanasukusule. Foni ndinagulitsa kuti mkazi wanga asandipeze. Nsapato zinapita, jekete inapita. Laisensi ija ndinkaionetsa pogula mandasi ndinaisiya pinyolo kwa mayi wa kachasu kuseri kwa msika. Ndinkagona m'makonde a masitolo. Tsiku lina mkazi wanga anabwera, Tadala ali kumanja, iye ali ndi pakati pooneka. Ndinamuona patali, ndinabisala kuseri kwa matumba a makala. Ndinamva mawu ake akufunsa anthu kuti, "Simunawaoneko bambo ena aatali, oyendetsa lole?" Ndinabisalabe mpaka anapita. Pa zonse zimene ndinachita, chimenechi ndi chimene chimandiwawa kwambiri mpaka lero.

Chilimwe chinatha choncho, mvula inagwa, ine ndili momwemo.

Ndiye kunacha tsiku lina, kunja kuli mitambo. Ndinali nditakhala pa njerwa kwa mayi wa kachasu uja, botolo lili pakati pa miyendo. Anzanga akumwa ankakangana za mpira. Mwadzidzidzi phokoso linatha. Ndinaona mapazi kutsogolo kwanga, mapazi ong'ambika a munthu wolima, ali m'mapatapata odzaza matope. Chitenje chake ndinachizindikira, chinali cha amayi a mvano. Thupi lokha linafuna kuchita zimene linazolowera, kudzuka ndi kupatuka, koma kumbuyo kwanga kunali khoma.

A Naphiri sanaime patali. Sanatume munthu. Anakonza chitenje chawo, anakhala pansi pa dothi lonyowalo, patsogolo panga penipeni, maondo awo pafupi kukhudza anga.

"Bambo a Tadala, dzutsani mutu."

Ndinangoti zyoli.

"Ndati dzutsani mutu. Ndiyang'aneni."

Ndinawayang'ana. Anyamata, zaka zonse zija ndili pamudzi pawo ndinali ndisanaonepo nkhope yawo bwinobwino. Ndinkawadziwa ndi msana, ndi kayendedwe, ndi mawu a kuseri kwa mpanda. Tsiku limenelo ndinaona kuti ali ndi maso ngati a mwana wanga Tadala, ndiponso kuti ndi okalamba kuposa mmene ndinkaganizira.

Analankhula motsitsa, ngati tili awiri. "Fodya uja anabwera. Ndinamumasula, ndinamuyanika padzuwa, ndinamuika pamphepo, fungo silinachoke. Ogula a m'midzi anangonunkhiza n'kukwera njinga zawo. Ndinakumba dzenje kuseri kwa chigafa, ndinamukwirira ndekha. Ndinalira, sindikubisirani. Ndinakutembereraninso mumtima masiku ambiri."

Kenako anapitiriza.

"Koma chimene chandiyendetsa lero si fodya. Mwana wanga wachira, kwabadwa mwana wamwamuna. Akulima ndi khanda kumsana. Usiku amadzuka akamva lole pamsewu. Ine amuna anga ndinaika, fodya ndakwirira. Inuyo ndiye ndakana, sindikwirira munthu akupuma."

Mmodzi wa anzanga aja anayamba kuseka, mayi wa kachasu anamuletsa ndi dzanja. Apongozi anayang'ana anthu onsewo, kenako anabwerera kwa ine.

"Mukuona anthu awa? Akuona ine Naphiri nditakhala maso ndi maso ndi mkamwini wanga, pamalo a mowa. Mawa nkhani ifika kwathu, kumpingo aimva. Ulemu wanga ndausiya panjira pobwera kuno. Ndiye musandibweze ndekha."

Ndinalira ngati mwana, mamina ndi misozi, pamaso pa zidakwa zinzanga. Mawu oyamba amene ndinalankhula nawo mwachindunji pamoyo wanga anali akuti, "Amayi, ndidzakunyamuliraninso fodya. Ndidzamufikitsa."

Iwo anati, "Za fodya tidzaziona. Dzukani tizipita, basi ingatisiye."

Anandikweza minibasi ndili wopanda nsapato. Titatsika pamphambano, iwo anatsogola, ine m'mbuyo patali. Pofika pamudzi mwambo unali utabwerera m'malo mwake. Sanandiyang'anenso kumaso, ndipo madzulo omwewo mawu awo anadzera kwa mkazi wanga, akuti ndisambe ndidye.

Kubwerera sikunali kwa tsiku limodzi. Choyamba amalume a mkazi wanga anaitanitsa a kalabu pansi pa mtengo, ndinaimirira n'kufotokoza zonse, za zigubu, za Mchesi, za dothi limene ndinathira pa mabelo. Anthu analankhula mawu olasa, ndipo anali ndi chifukwa. Anagamula kuti ndilime m'minda ya onse amene fodya wawo anaonongeka. Ndinalima. Mowa ndiye unandivuta kwambiri. Masiku oyamba ndinkasanza, ndinkaona zinthu zoyenda pakhoma. Mkulu wina wa mpingo anazindikira kuti chilakolako chimandigwira m'mawa, ndiye ankabwera ndi khasu lake kusanache, osalalikira, kungolima pambali panga mpaka dzuwa litakwera. Pamsika ndinasiya kudutsa, mchere ankakagula ndi mkazi wanga. Ndinagwako kamodzi, pamaliro ena, ndipo ndinakamuuza ndekha mkazi wanga asanamve kwa anthu. Chiyambire pamenepo sindinalawenso.

Apongozi sanadzale fodya chaka chimenecho, ngakhale chotsatira. Feteleza akanamutenga kuti? Anadzala chimanga ndi soya pang'ono. Nyumba ija inakhalabe yaudzu. Ndinkamweta udzu ndekha n'kukafolera, iwo atachokapo kupita kudimba kuti tisakumane. Nthawi zonse ndikakhala padenga paja ndinkaona malo a dzenje lija kuseri kwa chigafa, udzu wake sunkamera bwino.

Laisensi ndinakaiwombola powaza nkhuni kwa mayi wa kachasu uja. Kenako ndinapita kwa a Zimba, ndinagwada, ndinawapempha kuti anditenge ngati wothandizira. Munthu wa laisensi, wa ana awiri, kubwerera koika mwala kutayala. Anavomera, koma anandiphunzitsa mwankhanza. Tikafika mu Lilongwe, lole ili pamzere, ankandituma kuti ndikwere minibasi ndikaone njira imene tidutse mawa, ndidzawauze pamene pali migolo, pamene pali mlatho wopapatiza, pamene lole singakhote. Ndikalakwitsa ankandibweza. Inunso chitani zomwezo, musachite manyazi. Njira imene simunaione ndi maso musailowetse lole yodzaza, ndipo mukasochera imani pambali muimbire dalaivala mnzanu, osati kufunsa wogulitsa tomato.

Katundu amene mwapatsidwa ndi yemweyo basi. Wina akakuimitsani ndi kachigubu, kathumba ka usipa, kabotolo ka mankhwala a m'munda, akukutchulani maina aulemu, mukaneni akwiye. Lole ikagwedezeka kwambiri, ngakhale mutapulumuka, kwerani pamwamba mutukule tenti. Ndikanakwera tsiku lija pa ngalande paja, mwina likanaonongeka belo limodzi lokha. Mphuno zanu musazikhulupirire, itanani munthu amene sagwira dizilo. Ndipo zikakuvutani, chonde, pitani nokha kwa mwini katundu tsiku lomwelo. Fodya ndinamuononga tsiku limodzi, koma banja langa ndinalizunza miyezi yambiri chifukwa chothawa.

Patapita zaka, a Zimba anandilankhulira kwa abwana anowa, ndinagwiranso chiwongolero. Ndinayamba ndi chimanga, kenako anandikhulupirira ndi fodya. Ndanyamula mabelo a anthu a ku Kaluluma, a ku Chisemphere, anthu osawadziwa, onse kufika bwino. Koma mtima wanga unali pa fodya mmodzi yekha. Ndinagula feteleza, ndinatuma mkazi wanga kuti akawauze amayi kuti chaka chino tibwerere ku fodya. Anayankha kuti avomera. Nazale ndinakonza ine kudimba, iwo ankathirira m'mawa, ine madzulo ndikakhala pamudzi. Mbande zinamera bwino kwambiri.

Sanaziwokere. Anayamba kudandaula m'mimba, chipatala cha pa boma chinawatumiza ku Lilongwe, mkazi wanga anapita nawo kukawadikirira. Ine ndinali ku Chisemphere ndikupakira chimanga pamene foni inalira. Anali amalume aja. Anati, "Akamwini, amayi anu atisiya m'mawa uno." Ndinakhala pa matumba. Ndinawauza kuti ndithandiza kufunafuna galimoto yabwino yonyamula maliro. Iwo anati, "Ayi, tisavutike. Anasiya mawu kwa mkazi wanu. Anati mukawatenge inuyo, pa lole yanu."

Abwana anandilola. Ndinatsitsa chimanga chonse, ndinatsuka lole ndi sopo, ndinaitana mayi wina wodutsa kuti andinunkhizire ngati yatha fungo. Ndinalowa m'tauni pakati pa ma minibasi ndi a kabaza, osaphonya njira, mpaka kunyumba ya chisoni. Bokosi ndinalimanga ndekha, ndinayala mabulangete pansi kuti lisagwedere. Amayi a mvano anakwera kumbuyo n'kuyamba nyimbo. Ndinayenda pang'onopang'ono, bampu iliyonse ndinkachita kuikwera ndi giya yoyamba, magalimoto akumbuyo akuliza mahutala, ine osawamva. Ndinkaima kawirikawiri kukaona zingwe. Tinalowa m'mudzi dzuwa likupendeka, ndinaimitsa lole pakhomo pa nyumba yaudzu ija.

Ndatha, anyamata. Dzukani mukatenge makiyi anu, mukaone bwino zimene akupakirani ndi eni ake. Ine pa katundu yense wa apongozi anga, amene ndinamufikitsa bwino ndi ameneyo yekha.